Kokakaye ndi Mutu Wachinayi wa Alamu Ake

Dzina lakuti Kokakaye anamupatsa ndi anzake a kuofesi, koma ngakhale mkazi wake amamuitana choncho akamuona akulimbana ndi chitseko cha bafa.

Ntchito yake njosavuta kufotokoza. Anthu anayi akulemba buku limodzi pa tsamba la pa intaneti, aliyense ali pa desiki yake. Kokakaye amakonza zolakwika m'buku lomwelo pa kompyuta yake, m'nkhokwe imene imakumbukira chilichonse chosinthidwa, ngakhale kampumiro. Kuti tsamba ndi nkhokwe zifanane, amayenera kukoka kaye zimene anzake alemba, kenako n'kukankha zake. Pokankhapo amalembanso kauthenga konena zimene wasintha, ndipo iye ankakhulupirira kuti timauthengato timawerengedwa ndi kompyuta yokha.

Lamulo la kukoka kaye analilemba pa timapepala titatu: kena pa sikirini, kena pa kapu ya tiyi, kena m'kati mwa chipewa. Lachiwiri lina chipewa chinatsala m'basi, kapu anaitsuka, ka pa sikirini kanagwera kuseri kwa desiki. Anakankha osakoka. Kompyuta inakana. Iye, poona ngati ndi mwano, anaikakamiza, ndipo mutu wachinayi wonse unazimiririka pa tsamba. Mutuwo unali wa alamu ake, amene anamupezera ntchitoyo, ndipo buku linkayenera kupita kosindikiza Lachisanu.

Alamuwo anatulukira atanyamula magalasi m'manja.

"Alamu, mutu wanga uli kuti?"

Kokakaye anawayang'ana pakhosi: mutu unali pomwepo.

"Musandiyang'ane ngati mbuzi yomva bingu. Mutuwo ukapanda kubwerera, mawa mudzapeza munthu wina pampandopa."

Mwamwayi, tsamba nalo limasunga mbiri ya zonse. Kokakaye anaitsegula, alamu ataima kumbuyo kwake, magalasi tsopano ali pamphuno. Mbiri inatuluka pamodzi ndi timauthenga take tonse, mzere ndi mzere, ndipo alamu anayamba kuwerenga mokweza.

"'Ndachotsa mawu oti choncho makumi atatu a alamu.' Ehe. 'Alamu ndi mpumiro anayambana ali ana.' Ehe. 'Chiganizo cha alamu chafika tsamba lachitatu, sichinapumebe, tiitane ambulansi.'"

Mayi wolemba mutu wachiwiri anagwada pansi pa desiki, akuti akufuna cholembera. Desikiyo inkagwedezeka.

Kokakaye anadina pa mbiri ya m'mawa womwewo, mutu wachinayi n'kubwerera wonse. Anakoka. Anakokanso kachiwiri, kuopa tsoka. Alamu anawerenga ndime zakale zimene Kokakaye anazikonza, n'kuzifananiza ndi zatsopano zawo.

"Choncho," anayamba, n'kudzigwira pakamwa. "Mpando ndi wanu, alamu. Ndime zatsalazo muzipesenso lisanafike Lachisanu. Koma mlongo wangayo asamve za ambulansi."

Kokakaye analonjeza ndi manja awiri. Kenako anathamangira kukhomo kuti awatsegulire, ndipo anakankha chitseko chokoka.