Ndasenza Msana Wanga

Ndili pamzere kuchipatala, nditasenza msana wanga pamutu ngati mtolo wa nzimbe. Dokotala wavala ovolosi ya okonza njinga. Akundifunsa kuti, "Mayi, tipange opaleshoni kapena mubwerera nawo?"

Malume anga, amene anamwalira kalekale, akusuzumira pawindo. "Mwini mbumba ndine! Mpeni ayi, udzapuwala iwe!"

"Pepani malume," ndikutero, "mbumba ndi yanu, koma amagona ndi msanawu ndine."

Ndikuutula patebulo. Dokotala akuwongola fupa lililonse ngati sipoko, kenaka akundiveka. Ndikuimirira njo, mutu ukuboola malata. Amayi apamzere akuimba nthungululu, ine ndikulumpha mpanda wa chipatala, chitenje chili petupetu.

Ndadzuka msana ukuwawabe, koma ndikuseka ndekha. Lero ndikamuyankha dokotala uja.