Lole ya a Jeremiah ndi nkhumba za a Elube

Ku Mitundu palibe amene sadziwa lole ya a Jeremiah. Ndi yobiriwira, koma chitseko cha kumanzere ndi chofiira chifukwa chinachokera ku lole ina. Eni akewo ndi munthu wamfupi, wa mawu aakulu, wosasowa chonena. Anakulira kufupi ndi Dzalanyama, ndipo unyamata wawo unathera panjinga, kupalasa nkhuni kukagulitsa ku Likuni. Atakwatira a Elube anakakhala chikamwini kuseri kwa msika wa Mitundu. Chaka china fodya atawayanja, anagula loleyo kwa munthu wa m'tauni amene anali atatopa nayo.

Inanyamula zonse: mabelo a fodya opita ku okushoni, chimanga, njerwa, akwati, makwaya, maliro. Sitata inafa kalekale, choncho a Jeremiah ankadziwa mtsetse uliwonse kuyambira ku Malingunde mpaka ku Nathenje. Mtsetse ukasowa, okwera ankatsika n'kukankha, iwo atakhala pachiwongolero akufuula kuti, "Limbikani abale, thukuta ndi mankhwala!"

Chaka chatha, anthu atangokolola mtedza, lole inayamba ulesi. Pachitunda inkabuula ngati ng'ombe yodwala, utsi wakuda uli tolotolo kumbuyo, dizilo n'kumamwa ngati chidakwa. Tsiku lina pamsewu wa ku Bunda, a Samuel, mnzawo wolimbirana naye makasitomala, anawapitirira ndi lole yodzaza njerwa, akuliza hutala ndi kuwakupizira chipewa. Izi zinawapweteka a Jeremiah kuposa utsiwo.

Tsono kunamveka kuti ku Nathenje, pagalaja ya makaniko wina dzina lake a Chipulumutso, pali injini yogulitsa, yochotsedwa mu lole imene inagubuduzika. A Jeremiah anakaiona, anaisisita, mtima n'kutsalira pomwepo. Koma chuma chogulira injiniyo chinali m'khola, chikuyenda ndi miyendo inayi. Nkhumba zonenepazo zinali za a Elube, pamudzi pa makolo awo, ndipo mkamwini analibe nazo mawu.

"A Chipulumutso," ananong'ona a Jeremiah, "Loweruka ndibwera ndi mayi akunyumba. Inu musanene zambiri. Mungomvetsera injini yangayi, mupukuse mutu, munene kuti yafa."

"Nanga ikakhala kuti sinafe?"

"Aaa, zaka zonsezi mukupita kumaliro, nkhope yake simunaiphunzirebe?"

Makaniko anaseka, osavomera, osakana. Nawonso ankafuna kuti injini ija ichoke pakhomo.

Loweruka a Elube anavala chitenje chatsopano n'kukhala kutsogolo. Panjira a Jeremiah ankakwera chitunda chilichonse ndi giya yolakwika, dala, kuti lole ibuule kwambiri.

"Mwamva, mayi a Mwayi? Ikutsanzika imeneyo."

A Elube ankangodya nzimbe yawo.

Pagalaja a Chipulumutso anagwiradi ntchito imene anapemphedwa. Anamvetsera injini atatsinzina. Anasolola kachitsulo koyezera oilo, nakanunkhiza, napukusa mutu pang'onopang'ono.

"Amayi, apa pali nkhani. Mwina maringi atha, mwinanso mapisitoni omwe. Injini ikafika apa, timangoipepesa."

A Jeremiah anausa moyo mokweza, atagwira tsaya.

"Pepani ndithu," anatero a Elube. "Ine za injini sindizidziwa. Koma kwathu maliro sitilira tisanaone nkhope. Ndionetseni pamene pafapo."

Makaniko anayang'ana a Jeremiah, a Jeremiah anayang'ana kumwamba. Kuphwasula injini yonse ndi ntchito ya tsiku lathunthu, choncho a Chipulumutso anangogwira chimene chinali pafupi, chigubu chachitsulo mmene mumakhala sefa ya mpweya. Atangomasula chivindikiro, khoswe wamkulu anatumphuka, natera paphewa la a Jeremiah, n'kulowa m'malaya.

Gule amene anavinidwa pamenepo sanaonekepo ku Nathenje. A Jeremiah analumpha, anadzimenya pamimba, anaitana mayi awo amene anamwalira kalekale, mpaka malaya anavuka mabatani akuthothoka. Amayi ogulitsa tomato anasiya malonda kudzaonerera. Khoswe anathawira mumulu wa matayala.

Pamene anthu ankapukuta misozi ya kuseka, a Chipulumutso anali atapisa kale dzanja m'chigubu muja, pangano ataliiwala. Anatulutsa makoko a mtedza, zidutswa za thumba, ulusi wa chiguduli, kenaka sefa yeniyeniyo, itauma gwa ndi fumbi ngati njerwa.

"Kodi imapuma bwanji injini imeneyi?" anafunsa mokalipa. "Inu atakutsekani mphuno ndi chisa cha makoswe mungakwere chitunda? Sefa iyi munaisinthapo liti?"

"Imasinthidwa kodi?" anafunsa a Jeremiah, malaya ali m'manja.

Makaniko anatenga sefa yakale ya lole ina n'kuyeserapo. Amuna amene anabwera kudzaseka anawagwiritsa ntchito yokankha. Injini inalira myaa, utsi wakuda uja n'kuchepa anthu akuona.

"Ndiye yafa?" anafunsa a Elube.

A Chipulumutso anakanda kumutu. "Inangokomoka, amayi."

Atatero ananena zoona zokhazokha. Pankafunika sefa yatsopano, oilo watsopano, ndi paipi ya mpweya imene makoswe anaiboola. Maringi anali otopa ndithu, koma akanatha kupirira nyengo ina ya fodya, bola a Jeremiah asiye kupachika njerwa mpaka kumwamba.

"Zimenezo ndi za nkhuku, si za nkhumba," anatero a Elube. "Lolemba ndigulitsa atambala. Gulani zoyenerazo."

Pobwerera lole inkathamanga ngati mwana wa mbuzi. Atakwera chitunda choyamba bwinobwino, a Elube analavula chikhambi cha nzimbe pawindo.

"Bambo a Mwayi, giya ija munaiiwala popita, mwaikumbukira tsopano?"

A Jeremiah anayamba kuyimba nyimbo ya kutchalitchi.

Sabata yomweyo a Elube anakapempha mwana wa mphaka kwa achemwali awo n'kumuika mu lole. Mphakayo anakana kutsikamo. Lero amayenda ulendo uliwonse, atadzipinda pampando wa pakati, ndipo munthu akafuna kukhala kutsogolo a Jeremiah amamuuza kuti ayambe wapempha kwa akondakitala.