Buku la a Velvel Linakwiriridwa Osawerengedwa

Mayi Hinda Sirkin anasunga laibulale ya sunagoge wamng'ono wa ku Yeoville, ku Joni, zaka makumi atatu ndi chimodzi. Kachipinda kake kanali kamdima, konunkha mapepala akale, koma munthu sankatulukamo chimanjamanja. Mwana wa zaka zisanu ankamupatsa kabuku ka zithunzi za Pasika. Mnyamata wamakani ankamusenzetsa mbiri ya Ayuda a ku Poland kuti akakangane nayo kwawo. Mayi wamasiye ankamupatsa nkhani zoseketsa za kumudzi kwa makolo, n'kumuletsa kuzibweza msanga. Anthu ankati mayi Hinda akanakhala opezera anthu mabanja, ukwati sukanatha ndi umodzi womwe. Iwo ankanyadira mawu amenewo kuposa mmene ankaonetsera.

Panali buku limodzi lokha limene sanauzepo munthu kuti aliwerenge.

Analemba ndi a Velvel Shapshak, telala wokalamba amene anachoka ku Lithuania ali mnyamata, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe. Abale awo onse anaphedwa komweko. Atakalamba analemba pamanja, m'Chiyidishi, chinenero cha Ayuda a kwawoko, za mudzi wawo, nyumba ndi nyumba, dzina ndi dzina. Posowa chikuto cholimba, anasokerera mapepalawo m'chikuto cha buku lakale la mapemphero. Linali limodzi lomwelo, lopanda linzake.

"Mayi Sirkin, mukamauza anthu zoti awerenge, langali muzilitchulako," anatero polipereka. "Silokongola, koma anthu ake anali okongola."

Mayi Hinda analonjeza. Koma Chiyidishi chawo chinali cha kukhitchini, chokwanira kukalipira mwana, ndipo zolemba za a Velvel zinali ngati papalasa nkhuku. Analiika pashelefu ya pansi, n'kumati aliwerenga sabata yamawa. Lamlungu lililonse mkuluyo ankasuzumira pakhomo kufunsa ngati wina walibwereka, iwo n'kumayankha kuti anthu akulifunsa ndithu. Bodza limeneli analinena zaka zisanu ndi chimodzi mpaka a Velvel anamwalira. Paja zengerezu adalinda kwawukwawu.

Kenako anthu anayamba kusamuka, ena kumpoto kwa mzinda, ena ku Australia, mpaka sunagogeyo anatsekedwa. Mayi Hinda anapatsidwa masiku anayi kuti asankhe mabuku. Pa mwambo wa Ayuda, buku lopatulika likatha silitayidwa kudzala; limakaikidwa kumanda ngati munthu, poti muli dzina la Mulungu. Iwo ankangoyang'ana chikuto: lililonse lakuda, long'ambika, la mapemphero, linkalowa m'thumba la kumanda. Pa mwambowo anapitako, anayankha nawo mapemphero, ndipo anaponya nawo dothi ndi dzanja lawo.

Anakumbukira za buku la a Velvel patatha sabata, akutsuka kapu. Anakhala pansi pomwepo, kapu ili m'manja. Anafufuza m'makatoni onse kawiri, ngakhale mtima unali utawauza kale kumene bukulo lili. Chokwiriridwa chotero sichifukulidwa, ndipo madzi akatayika saoleka. Sanauze munthu, ngakhale rabi. Manyazi anawadya zaka zisanu ndi zinayi, ndipo akapita kumanda kukaona pamene anagona amuna awo ankazungulira njira yaitali kuti asadutse pa malowo.

Tsiku lina masana kunabwera mlendo kunyumba ya okalamba kumene ankakhala tsopano. Anali Ruhama, mdzukulu wa a Velvel, wochokera ku Australia, ali woyembekezera. Anawakumbutsa moseka kuti iye ndi mwana uja ankabweza mabuku atapaka jamu. Kenako ananena chimene anadzera. Mwana amene akubwerayo ndi wamkazi, ndipo mwa mwambo amafuna kumutcha dzina la wachibale amene anamwalira. Agogo ake anali ndi mlongo wamng'ono amene anaphedwa ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. A Velvel sankatha kutchula dzina lake pakamwa, ankangoti analilemba m'buku limene lili kwa mayi Sirkin.

Mayi Hinda anachita chimene manja awo anazolowera. Anadzuka, nayamba kuunjika mabuku patebulo: ili la midzi ya ku Lithuania, ili la mayina a atsikana, ili la nyimbo zogonetsera ana. Ankayankhula mofulumira, kuyamikira lililonse. Ruhama anangowayang'ana mpaka anatopa okha.

"Anti, ine ndikufuna la agogo."

Anamuuza zonse, za chikuto, za thumba, za dothi. Ankayembekeza kukalipidwa, mwinanso ankafuna zomwezo. Koma Ruhama anawagwira dzanja n'kunena kuti mwina nkoyenera, poti anthu a m'bukumo sanapeze manda, tsopano awapeza. Chifundo chimenecho chinawapweteka kuposa mbama.

"Palibe kanthu, anti," anapitiriza Ruhama. "Munakhala nalo zaka zambiri. Ingondiuzani dzina la kamtsikanako. Ngakhale mukungolikumbukira pang'ono, ndilandira."

Mayi Hinda anayang'ana mulu wa mabuku uja, onse oti anawawerenga mpaka kumapeto.

"Mwanawe," anatero, "sindinalitsegule n'komwe."

Ruhama anachotsa dzanja lake pang'onopang'ono. Anawongola mabuku aja bwinobwino, nawakankhira kwa mwini wake, n'kuthokoza chifukwa cha tiyi.