Sapopera Ndege M'fumbi

Kuseri kwa okala yanga ku Biwi kuli bambo ena opopera penti magalimoto. Salankhula zambiri. Galimoto ikafika, amayamba aisisita ndi chikhatho ngati akumva kutentha kwa mwana wodwala. Akapeza timchenga pansi pa penti amapukusa mutu, amvekere, "Uyu ankapopera njala ikumuthamangitsa."

Chaka chatha mwini esiteti ina ya fodya anawatenga kuti akakonze kandege kake, komwe penti yake inali itasuluka ndi dzuwa. Anapala yakaleyo bwinobwino, koma tsiku lopopera kunadzuka chimphepo cha Okutobala, fumbi lili koboo, shedi yosungiramo kandegeko ili yopanda zitseko.

"Poperani lero, madala. Loweruka ndikuuluka," anatero bwanayo.

"Lero ayi. Fumbi likamatirira, pentiyo idzasendeka, anthu n'kumati ndi ntchito yanga."

"Ndiye ndiitanitsa wina ku Joni!"

Ntchito yaikulu chonchi bambo aja anali asanaipezepo, ndipo Biwi yense anali ataimva kale. Komabe anayamba kukulunga paipi ya kompuresa.

"Muitaneni, bwana. Mwina fumbi la kuno likaona pasipoti lidzamupatsa ulemu."

Bwanayo anatuma anthu kukagula matenti otchingira shedi.