Ndani Angapitirire Mtengo wa Azamba?

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha zala. Amayi anga aang'ono, omwe aliyense pa boma la Chadiza amawatchula Amake Dalitso, anali atagula foni yaikulu yodina pagalasi, koma kulemba uthenga umodzi kunkawatengera nthawi yoti madzi n'kuwira. Tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinawapeza pa benchi lawo la salaula, zovala zovalidwapo kale, kumsika akulimbana nayo.

"Iwe Nelia, tabwera kuno. Zala zangazi ndi za khasu. Tandilembera kuti jekete lija likadalipo."

Ndinalemba, ndipo uthenga unapita iwo asanamalize kumanga chitenje. Anandiyang'ana n'kunena kuti mawa ndikaweruka ndidzabwerenso. Nthawi imeneyo ndinali giredi 10.

Anzawo a ku Chipata ndi amene anawauza za okushoni ya pa foni. Umatsegula gulu, umaika chithunzi cha katundu ndi mtengo woyambira, ndipo anthu amapikisana kukweza mpaka nthawi yotsekera. Wotchula mtengo wapamwamba ndiye amatenga. M'gulu lathu munali aphunzitsi, anamwino, ogwira ntchito ku khonsolo, akazi a apolisi, ndi alimi angapo a ku Pembamoyo omwe anali ndi mafoni otere. Pafupifupi onse ankadziwana.

Belo la zovala likafika pa minibasi kuchokera ku Chipata, tinkadula mawaya ndi pulayazi n'kukhuthulira zonse pamphasa. Zabwino kwambiri zinkapita ku okushoni, zotsala pa benchi. Za okushoni ndinkazichapa, kuzisita ndi nsimbi yamakala, n'kuziyeza ndi tepi m'chiuno ndi m'litali, chifukwa nambala zolembedwa pakhosi la chovala nthawi zambiri zimanama. Ndikatero ndinkakhomerera shiti yoyera pakhoma la khitchini, kukoloweka chovala pa hang'ala n'kujambula m'mawa, dzuwa lisanawale kwambiri. Ngati penapake pali kabowo, ndinkakajambulanso. Amayi aang'ono ankati bowo lobisidwa limabwerera ndi mwini wake. Wopambana ankalipira pa foni, ine n'kukasiya katundu pa njinga.

Malipiro anga anali sopo, makope ndi mafuta odzola. Koma chomwe ndinkachikonda koposa n'chakuti ntchito ikatha foni inkakhala yanga, ndipo ndinkapezamo mafunso a mayeso a zaka zam'mbuyo omwe kusukulu kwathu ankasowa.

Miyezi yokolola zinthu zinkayenda. Anthu atagulitsa mtedza ndi chimanga, foni inkangolira ngati anapiye. Koma mvula itayamba, gulu linayamba kuzizira, ndipo pofika Febuluwale ndinkatha kuika madiresi abwino tsiku lonse popanda wotchulapo kanthu. Ndinayesa zonse zomwe ndinkadziwa. Ndinasitanso zovala, ndinajambulanso pansi pa mtengo wa mango, ndinasuntha nthawi yotsekera kuti igwirizane ndi kuweruka kwa aphunzitsi. Masiku ena ndinkangopinda zomwe ndinapachika m'mawa n'kuzibwezera m'thumba, ndikuikamo timapaketi ta sopo kuti zisanunkhe chinyezi.

Amayi aang'ono sanali munthu wodandaula msanga. "Tinalira mvula, tilire ndi matope omwe," ankatero akusenda mango. Koma sabata ina bandulo ya intaneti itatha, anazengereza kundipatsa ndalama yogulira ina.

"Mwezi uno ukatha zili chonchi, gululi nditseka, foni ndigulitsa," anatero. "Ndibwerera pa benchi basi. Ndipo usandiyang'ane choncho, pa benchi sipafuna zala zako."

Chiyembekezo chathu chinali pa mabulangete awiri omwe anatuluka m'belo lomaliza, lina labuluu, lina lofiira lamaluwa. Anali olemera, ofewa ngati ubweya wa mphaka, osaoneka kuti anafundidwapo. Tinagwirizana zoyamba ndi labuluu Loweruka, tsiku lomwe anthu ambiri amakhala pakhomo. Mtengo woyambira tinauika pansi kwambiri, mmene tinkachitira ndi katundu wabwino, kuti ukhale nyambo yokopa anthu.

Ndinaika chithunzi m'mawa. Pasanapite nthawi foni inalira. Anali Amayi Mbewe, azamba opuma pantchito omwe anagwira ku kiliniki zaka zambiri. Anatchula mtengo woyambira womwewo. Ndinasangalala, poganiza kuti moto wayaka ndipo ena abwera.

Palibe anabwera. Foni inkasonyeza kuti anthu ambiri achiona chithunzicho, koma m'gulu munali zii. Ndinaganiza kuti mwina ndi netiweki, choncho ndinapita pachulu cha kuseri kwa nyumba pomwe imagwira bwino. Ndinazimitsa foni n'kuyatsanso. Ndinalemba kuti, "Bulangete lokongola ili, nthawi ikupita." Mphunzitsi wina anatumiza kachithunzi ka manja owomba, osatchula mtengo. Dzuwa litapendeka nthawi yotsekera inakwana, ndipo bulangete linagwera Amayi Mbewe pa mtengo womwe sukanagula ngakhale shiti.

Ndinafunsa amayi aang'ono ngati sitinganene kuti tawonjezera tsiku lina.

"Tinanena tokha nthawi yotsekera," anandiyankha osandiyang'ana. "Tenga njinga ukawapatse."

Ndinalikulunga m'pulasitiki chifukwa kunali mitambo. Amayi Mbewe ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba. Ndinagwada n'kupereka ndi manja awiri. Analifunyulula, n'kulipaka patsaya.

"Mwayi wanga pa okushoni yanuyi ndi wodabwitsa," anatero. "Ndikangotchula mtengo, onse pakamwa tsekee. Kodi anthu a kuno alibe maso? Kapena amafunda masaka?"

Ndinaseka mwaulemu n'kutsanzika.

Pobwerera mvula inandipeza ndisanafike kumsika, ndipo ndinathawira pakhonde la chigayo. Pamenepo panalinso Amake Chisomo, mphunzitsi wa ku pulayimale wokwatiwa ndi mwana wamwamuna wa Amayi Mbewe. Anali m'gulu lathu, ndipo miyezi yokolola ankagula kawirikawiri. Anayang'ana pulasitiki yopanda kanthu pa kaliyala wa njinga.

"Lapita kwa apongozi, eti?" anandifunsa. "Mtima wanga wonse unali pamenepo. M'mawa wonse ndakhala ndikulikulitsa pa foni, kuona maluko ake."

"Nanga bwanji simunatchule, madamu?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chake anthu savina pamaliro asanauzidwe.

"Ine ndilembe mtengo pamwamba pa apongozi anga, dzina langa lili poyera, boma lonse likuwerenga? Ndikadye kuti Khirisimasi? Ndipo si ine ndekha. Tawerenga m'gulu muja, ndi mayi uti amene sanagwidwe dzanja ndi iwo aja pochira? Munthu anakulandirira mwana, iwe n'kumulanda bulangete?"

Mvula inkagunda malata, ndipo anayandikira kuti ndimve bwino.

"China ndi ichi. Mwezi uno ndi wa njala. Dzina langa likangooneka ndikupikisana pa bulangete, mawa alamu anga a ku Mlolo ali pakhomo, akuti tamva kuti zikuyenda, tithandizeni feteleza. Anthu timafuna, Nelia. Koma sitifuna kuonedwa tikufuna."

Ndinapalasa njinga m'matope osadikira kuti mvula ikate. Nditafika kunyumba n'kufotokoza, amayi aang'ono anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje.

"Dalitso wanga anamulandira ndi iwo omwe aja," anatero. "Ndikanakhala wogula, nanenso ndikanatseka pakamwa. Tatengera za ku Chipata, kumene anthu sadziwana agogo awo."

Tinagwirizana njira ina. Wofuna katundu azitumiza mtengo wake kumbali, kwa ine ndekha, ndipo ine ndizilemba m'gulu kuti mtengo wafika pakuti, popanda dzina. Wopambana aziuzidwanso kumbali. Amayi aang'ono anaona vuto lake msanga, kuti anthu akhoza kuganiza kuti tikukweza tokha.

"Mvetsa, mwanawe. Tsiku lomwe udzalembe mtengo wopanda mwini ndi tsiku lomwe udzandibwezere foni. Ndipo dzina la munthu lisatuluke pakamwa pako, ngakhale kwa amayi ako."

Loweruka lotsatira ndinaika bulangete lofiira, pamodzi ndi lamulo latsopanolo. Poyamba kunalinso zii, ndipo ndinayamba kupinda madiresi podikira. Kenako uthenga unalowa kumbali, wa Amayi Mbewe. Ndinalemba mtengo m'gulu. Unalowa wina wa namwino, wina wa mlimi wa ku Pembamoyo yemwe anali asanatchulepo kanthu chilowereni m'gulu, kenako wa Amake Chisomo. Masana Amayi Mbewe anaimba.

"Iwe mwana wa Amake Dalitso, ndani ameneyu akundithamangitsa chonchi?"

"Pepani amayi, lamulo silindilola kunena."

"Ndinakuona usanavale kanthu iwe, lero ukundibisira mawu?" Ndinamva akuseka. "Chabwino. Muuze kuti sindinatope. Wonjezera."

Anawonjezera kangapo, koma chakumapeto anati ali nalo kale labuluu, mnzawoyo atenge. Nthawi itakwana, mtengo wapamwamba unali wa mpongozi wawo.

Amake Chisomo anandipempha kuti ndilibweretse m'thumba la ufa, ndidzere njira ya kuseri kwa sukulu. Ndikupereka ndinawafunsa kuti adzatani apongozi akadzabwera kudzacheza.

"Afika pabalaza, afika kukhitchini," anatero akulikumbatira. "Koma kuchipinda kwa mwana wawo wamwamuna salowa. Likhala pamenepo mpaka lidzang'ambike. Pochapa ndidzayanika kwa mnzanga."

Sindinganene kuti malonda anabwerera ngati a nthawi yokolola. Njala inali ikadalipo, ndipo masiku ena ndinkapindabe zovala zomwe ndinapachika m'mawa. Koma zinkatuluka pang'onopang'ono, lero siketi, mkuja nsapato za mwana, zokwanira kugula bandulo ndi kusunga ya belo lina. Mwezi unatha, amayi aang'ono sanatchulenso zogulitsa foni. Ine sindinawakumbutse.

Tsopano ndili giredi 12 ndipo ntchitoyi ndikuigwirabe Loweruka ndi nthawi ya holide. Miyezi yamvula ikafika sindithamangiranso pachulu. Ndimachapa, ndimasita, ndimaika zochepa, ndipo nthawi yotsalayo ndimawerenga. Zomwe ndinaphunzira pakhonde la chigayo n'zakuti anthu akakhala chete, usafulumire kunena kuti katundu wako ndi woipa kapena kuti onse alibe ndalama. Pita ukawafunse mmodzimmodzi chomwe chawamanga pakamwa. Kwathu kuno munthu sagula yekha, amagula akuyang'ana apongozi, alamu ndi amene anamulandirira mwana, ndipo wogulitsa ayenera kumutsegulira khomo lakuseri.

Amayi Mbewe akadali m'gulu, ndipo amati okushoni inayamba kukoma chiyambireni anthu kulimbana nawo. Ndikakumana nawo potuluka m'tchalitchi amandigwira dzanja osalisiya.

"Bulangete lofiira lija linapita kwa ndani?"

Ndimapinda bondo n'kuwafunsa mmene adzukira. Nthawi zambiri mpongozi wawo amakhala ali pambali pomwepo, atawanyamulira chikwama.