Juzi ya a Ngozo

Sabata ino ndamaliza tizipewa ta makanda titatu. Bulangete la zigamba lija likadali pomwe ndinalisiya, chifukwa Lachiwiri ndi Lachitatu amayi tonse tinaitanidwa kubwalo kukayeserera nyimbo zolandirira alendo a chipani. Sindikudandaula. Ndikungonena kuti munthu saluka akuvina.

Kwa inu amene mwayamba kumene kuwerenga tsamba lino, ndife amayi asanu ndi awiri, ndipo timakumana Lachinayi masana pakhonde la holo ya parishi kuno ku Bembeke. Masisitere amatipatsa majuzi akutha ochokera kunja. Ife timawaphwasula, ulusiwo n'kulukira makanda a kuchipatala ndi okalamba opanda owasamala. Juni wa kuno mukumudziwa.

Loweruka lapitali ndinapita ndi a Naphiri, apampando athu, kukapereka juzi yomwe ndinailuka milungu isanu. Inali ya a Ngozo, bambo okalamba amene amakhala okha kutsidya kwa dambo. Akazi awo anamwalira, ana ali ku Zambia ndipo salemba kalata. Ku Misa amabwera atavala thumba la feteleza mkati mwa jekete, moti akagwada limamveka.

Panjira ndinali nditakonzeratu nkhope yolandirira zikomo. Nkhope imeneyi nanunso muli nayo.

A Ngozo anatiyalira mphasa, nalandira juziyo ndi manja awiri. Kenaka anaitembenuza, n'kuyamba kuyendetsa chala m'mizere ngati mphunzitsi amene akuchonga kope.

"Analuka ndani?"

"Ndine, bambo."

"Mwayesetsa, mayi. Koma apa munadumpha. Apanso ulusi munaukoka kwambiri. Ndipo pakhosipa mutu wanga sulowa."

Anayesa. Sunalowedi. Anakhala kanthawi juzi ili pamutu, makutu okha akuonekera, a Naphiri akuyang'anitsitsa munda wa kachewere ngati sanauonepo.

Atavula analowa m'nyumba, natuluka ndi kansanza kokulunga. M'menemo munali singano ziwiri za masipoko a njinga, zosongoledwa bwino. Ine ndikuona, anaphwasula khosi lomwe linanditengera masiku atatu, n'kuyamba kuliluka mwatsopano. Zala zawo sankaziyang'ana n'komwe.

Akuti anaphunzira ku migodi ya ku Joni. Lamulungu, anzawo akapita kumowa, iwo ankakhala ndi amuna a ku Lesotho amene ankaluka zipewa ndi masikafu.

"Nanga munalekeranji?" anafunsa a Naphiri.

"Nditabwerako ndinalukira mayi a kunyumba kuno juzi yofiira. Anapita nayo kumadzi. Amayi anzawo anawafunsa ngati amuna awo amasinjanso. Anabwera akulira, ndiye ndinakulunga singano zanga."

Ananena zimenezi ngati akunena za mvula ya chaka chatha.

Pochoka ndinawasiyira ulusi womwe ndinali nawo m'basiketi. Sindinganene kuti unali mtima wabwino. Ndinkafuna kuona ngati zinali zoona kapena anangochita mwayi ndi khosilo.

Ndakhala ndikulingalira nkhaniyi. Ife tikafuna kuthandiza munthu timafunsa chimene alibe. Chofunda ali nacho? Ufa ulipo? Denga likudontha? Dzina lake likangolowa m'kope la ovutika, manja ake timawaona ngati olandirira basi. Ndi liti pamene inu munafunsapo wokalamba wa m'mudzi mwanu kuti, "Kodi inu mumadziwa chiyani?" Ine ndapereka majuzi kwa anthu ambiri ndithu, ndipo funsoli silinandibwererepo. Ndimafunsa kukula kwa chifuwa, ndipo mwaona kuti mutu ndimaiwala.

Lachinayi tikuyala mphasa pakhonde, tinangoona a Ngozo akutulukira, juzi yanga ili m'thupi, khosi lawo likukhala bwino. Anatulutsa tizipewa tisanu. Masiku anayi, tisanu, topanda podumpha. Kenaka anakhala kumapeto kwa khonde, nafunsa ngati angamabwere kudzaluka nafe.

Tinawapempha kuti atipatse mpata tikambirane, ndipo anasunthira pansi pa mkungudza.

Wina anati malamulo a gulu amanena za amayi. Wina anati anthu adzalankhula. A Nasibeko, okalamba kuposa tonse, anafunsa kuti, "Akalowa gulu la amayi, tsiku lovina adzamanga chitenje?" Palibe amene anaseka.

Tinagwirizana kuti tiziwatumizira ulusi kunyumba, azilukira komweko. Ine ndinakweza nawo mkono. Ndinenso amene ndinatumidwa kukawauza.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza, nagwedeza mutu.

"Palibe kanthu, mayi. Ulusiwo muzitumiza, ndiziluka. Kungoti kuluka ndiye ndimatha kale. Ine ndimafuna pokhala ndi anthu."

Anatsanzika aliyense ndi dzina lake, nanyamuka.

Dzulo tinakatula tizipewa kuchipinda cha amayi oyembekezera. Namwino anasanthula tizipewato tonse, n'kupatula tisanu tija. Kamodzi anakaveka pomwepo khanda lobadwa masiku asanakwane, lomwe mutu wake ndi ngati peyala. Kanakwana ndendende.

"Amene analuka timeneti ndi mayi uti?" anafunsa. "Ali ndi manja abwino."

"Timangothandizana tonse," anatero a Naphiri.

Ine ndinali pomwepo, ndipo pakamwa ndinali napo. Ndinangokonza mpango wanga kumutu.

Ndiye tandiuzani, inu owerenga. Munthu tamuveka juzi, tamulanda mbiri ya ntchito yake, n'kumubweza kukakhala yekha kutsidya kwa dambo. Mu lipoti la mwezi uno kwa abambo mfumu, tilembe kuti tamuthandiza?