Chikhadabo cha Aneba Ometa Tsitsi

Aneba anga ometa tsitsi ndi munthu woti ukakhala pampando wawo, umalipira kumeta kokha, ndale umamva ulere. Makina ali m'manja, pakamwa sipatsekeka. "Mutu wa mmphawi ndi wa nduna umamera tsitsi lofanana," amatero, "nanga bwanji mankhwala kuchipatala amasankha mutu?" Ine ndimawayankha kuti, "Achimwene, ingoimani nokha pa upulezidenti, tonse amene munatimeta mpala tikuvoterani."

Koma masiku ano saseka. Amameta ali duu, ndipo mpaka posachedwapa chala chawo china chinali ndi chikhadabo chachitali ngati cha tambala, kunsonga kwake kutatsala kadontho ka inki ya pachisankho. Tsiku loponya voti anapita ndi mwana wawo wamwamuna, yemwe kanali koyamba kuvota. Zotsatira zitatuluka, mwanayo analowa mumsewu pamodzi ndi anthu ochita zionetsero kukapempha kuti mavoti awerengedwenso. Apolisi anamukweza m'galimoto, ndipo mpaka lero sanaonekere kukhoti kapena pakhomo.

Sabata yatha ndinati ndiwaseketse. "Akulu, chikhadabochi mukufuna muzilimira? Bweretsani lumo ndikuthandizeni."

"Chisiyeni," anatero. "Mwana wanga anaviika chala pambuyo panga, m'botolo lomwelo. Inki yanga ikadalipo, ndiye kuti yakenso ikadalipo kumene aliko."

Akundikonza m'mbali mwa khutu, chikhadabo chija chinakodwa m'chipeso n'kuthyoka. Anazimitsa makina, anagwada pansi, n'kuyamba kufufuza m'tsitsi la anthu. Ine, katakwe wa nthabwala mumsewu wathu wonse, ndinatsika pampando mutu uli wometedwa theka, n'kugwada nawo.